Mayi abwezedwa kawiri pakhomo la opaleshoni

Aphungu,

Abale anga akufalitsa zoti ndinalalatira anamwino chifukwa ndine wamwano. Bodza. Ndinangofunsa funso, mokweza pang'ono.

Mayi anga ali ndi chotupa m'chiberekero, komanso amadwala shuga. Ali pa inshuwalansi yotchipa ya kuntchito kwa mchimwene wanga, ya khadi lobiriwira. Kawiri konse auzidwa kuti asadye kanthu, avekedwa chovala chotseguka kumsana chija, agonekedwa pakhonde tsiku lonse, kenako n'kubwezedwa: "Nthawi yatha, mama, mudzabwerenso." Ulendo wachiwiriwu mayi wina wa khadi lagolide anatipeza, koma analowa ife tikuona. Nditafunsa, namwino anati, "Achemwali, mzere sindikonza ine." Mnzanga wodikirira wodwala anandinong'oneza kuti a makadi obiriwira amalowa madzulo dokotala wamkulu atapita, n'kung'ambidwa ndi ophunzira.

Mchimwene wanga akuti, "Mpeni ndi umodzimodzi, iwe usatichititse manyazi." Poti iye ali ndi digiri ine ndinasiyira panjira, zonena zanga ndi zamisala. Komatu maso sindinawasiye ku yunivesite. Ndikufuna kuimitsa opaleshoniyi, ndiwalembetse mayi inshuwalansi yodula. Ndalakwa?

W.D., kuno kutauni

Achemwali,

Kukayika kwanu sindikukutsutsa. Zipatala zina zimayang'anadi khadi zisanayang'ane wodwala. Koma inu munaona khadi lagolide, matenda a mayi winayo simunawaone. Mwina anali ofuna changu. Za ophunzirazo nazonso mwangomva pakhonde.

Musiyeni namwino, wakuuzani zoona. Pitani kwa dokotala wa opaleshoniyo, mchimwene wanu ali pomwepo, mukafunse mofatsa: adzagwira mpeni ndani? Ngati ndi wophunzira, womuyang'anira adzakhala m'chipindamo? Mukawakumbutse kuti munthu wa shuga sagonekedwa ndi njala tsiku lathunthu, ndipo mukapemphe kuti mayi adzalowe m'mawa. Akakuyankhani zozungulira, kadandauleni kwa mkulu wa chipatalacho ndi ku kampani ya inshuwalansi. Kumeneko lilime lanu lakuthwalo likagwira ntchito.

Koma musaimitse opaleshoni pofuna kupambana mkangano ndi mchimwene wanu, chifukwa thupi lodikiralo ndi la mayi. Inshuwalansi zambiri sizilipira msanga matenda amene munthu walowa ali nawo kale, ndipo chotupa cha mayi chilipo kale.