Nkhope ya Dimeji pa Basi Yanga

Lachisanu, 6 Okutobala

Chimbale cha Dimeji, mnzanga wa paubwana, chatuluka lero. Ndafika ku depoti m'mawa kukuzizira, andipatsa basi ina, osati yanga ya masiku onse. Kuyang'ana m'mbali mwake, nkhope yake. Kuyambira pa chitseko mpaka tayala lakumbuyo, nkhope yokhayokha. Mano adakonzetsa.

Ndiye tsiku lonse ndakhala ndikumuzunguza. Njira yanga ya Peckham, Camberwell, Elephant, kubwerera. Zaka zisanu ndi chimodzi osalankhulana, lero ndine dalaivala wake.

Masana uthenga wake pa foni. Nambala wapatsidwa ndi Mama, sindikukayika. "Lansana aise, umvetsere chonse mpaka kumapeto." Zokhazo, moni ayi. Akundipatsa homuweki. Sindinayankhe.

Loweruka, 7 Okutobala

Ndamvetsera, chitseko chotseka. Nyimbo zilipo khumi ndi zitatu. Yoyamba malipenga ndi kwaya ya tchalitchi. Yachiwiri ng'oma za kwawo ku Ibadan, pamwamba pake rapu yathu ija yaliwiro. Yachitatu piyano yokha, iye akuchita ngati akunong'ona. Ndimafuna chikhale chonyansa. Ayi ndithu, n'chokoma mpaka mtima kuwawa.

Yachinayi. Pakati pake mizere yanga isanu ndi itatu, ija yonena za chikepe chakufa cha m'nyumba yosanja momwe tidakulira. Ndidailemba ndili ndi zaka 17, kumapeto kwa kope la masamu. Ndinkaiimba pa wailesi yathu yopanda chilolezo, m'kachipinda ka pamwamba pa shopu ya matayala, anthu asanu kulimbirana maiki imodzi. Iye nthawi zonse kumbuyo kwanga, kudikira. Lero waiimba liwu ndi liwu, ngakhale popumira sanasinthe.

Ndazimitsa pomwepo. Sindipitiriza.

Lamulo lathu palibe amene salidziwa. Jekete bwereka, nsapato bwereka, ukafuna usabweze. Mizere ya mnzako sukhudza.

Lamulungu, 8 Okutobala

Kwa Mama, mpunga wa chigwada. Chithunzi cha Dimeji adula m'nyuzipepala n'kumata pa filiji. Changa palibe. "Mwana wanga ameneyu," akutero akuchisisita ndi chala. Ndati mwana wanuyo ndi wakuba. Iwo: "Iwe Lansana, uli ndi chiyani choti munthu n'kuba?" Amaseka, sanafune kundipweteka. Mpunga ndausiya m'mbale.

Mwana wawo eti. Chaka ndi miyezi iwiri adagona pansi m'chipinda changa, bambo ake atamuthamangitsa. Sopo wanga, masokosi anga, ntchafu ya nkhuku Mama ankaikira iyeyo poti ndi mlendo. Nkhani imeneyi sadauzepo munthu, ngakhale atolankhani amufunse za ubwana wake. Mama adandilumbiritsa kalelo kuti isatuluke pakhomo.

Lachiwiri, 10 Okutobala

Nyuzipepala zonse zachipatsa malikisi onse, nyenyezi zisanu zisanu. Chimbale cha chaka, akutero. Wina walemba kuti Dimeji wakwatitsa mitundu ya nyimbo yomwe sinkapatsana moni. Munthu woti sankatha kuwerenga biti, kugunda kwa ng'oma, ndinkachita kumugunda paphewa kuti alowe.

Yemweyo akuti mizere ya chikepe ndiye mtima wa chimbale chonse. Ndime imeneyo ndaiwerenga kanayi, tiyi mpaka kuzizira. Zina zonse sindinawerenge.

Atsikana asukulu kumbuyo kwa basi akuimba mizere yanga, wina akumenya mpando. Ndinafuna kuima pakati pa msewu ndiwauze. Ndiwauze kuti chiyani? Bambo wa yunifolomu, msana wowawa, lendi yakweranso mwezi uno.

Ndi nsanje, ndikudziwa. Ndalemba dala kuti ndiione ndi maso. Koma mizereyo ndi yanga. Ndikungofuna dzina langa limveke kamodzi kokha, lituluke pakamwa pake.

Lachinayi, 12 Okutobala

Kometa kwa Cleveland ku Deptford. Ndiye anali DJ wathu pa wailesi ija, pano ndi mimba ndi makina ometera. Chimbale sanachimve, akuti masiku ano amangomvera zakale za ku Jamaica. Ndamuikira yachinayi. Anazimitsa makina, mutu wanga uli theka.

"Ayi man, uyu wakubera masanasana," anatero. "Ukakhala chete wavomera. Yankho ndi nyimbo, ndipo wachedwa kale." Kuseri kwa shopu akadali ndi maiki ndi kompyuta. Potuluka anandikuwira: "Lamulungu ndikatseka. Kapena kukhosiko kudachita dzimbiri, a dalaivala?"

Ndalemba pa nthawi yopuma, kuseri kwa pepala la ndondomeko ya maulendo. Dzanja kuthamanga lokha.

Lamulungu, 15 Okutobala

Tajambula. Zaka khumi ndi ziwiri osagwira maiki. Koyamba mpweya unandithera pa mzere wachisanu, Cleveland kuseka mpaka kugwira khoma. Kachitatu zinabwera, thupi lonse linakumbuka.

Ndaikamo zonse. Mano ogula, malipenga obwereka, azungu a m'nyuzipepala omwe sadakwerepo chikepe chonunkha mkodzo. Kenako za kugona kwake pansi m'chipinda changa. Zovala zake m'matumba akuda a zinyalala, bambo ake akuziponya pa khonde, iye akulira pakhomo pathu mamina chuchuchu.

Cleveland anavula mahedifoni. "Imeneyi ichotse aise. Iyi si rapu." Ndati ndiye pokoma pake pamenepo. Ikhala.

Lolemba, 16 Okutobala

Ndaiika pa intaneti ndisanapite ku ntchito. Pofika masana anthu zikwi makumi anayi amvera. Foni kutentha m'thumba. Cleveland wati zomwe anthu akulemba pansi pake ndisawerenge, ndizingoona nambala ikukwera. Ndamumvera.

Mayi wina pokwera wandiyang'anitsitsa. "Ndinu eti?" Ndangomwetulira. Ndisaname, ndasangalala. Ndasangalala kuposa tsiku lililonse chaka chino.

Mama sakuyankha foni.

Lachitatu, 18 Okutobala

Sindikudziwa poyambira.

M'kantini ya ku depoti, tchipisi ndi nyemba. Bernadette wogawa mabasi wabwera lero kuchokera ku tchuthi. Wakhala moyang'anizana nane, foni pa tebulo. "Iwe, nyimbo yomaliza ija unaimva?" Ndati sindifuna. "Khala pansi. Munthu umamutukwana usanamve zomwe wanena?" Waika.

Malipenga palibe, kwaya palibe. Biti yakale ya Cleveland, ija tinkatsekera nayo pulogalamu. Dimeji akuimba mizere yake khumi ndi isanu ndi umodzi. Kenako akulankhula wamba, ngati ali pambali panga: "Mizere ya chikepe ija ndi ya Lansana Kargbo. Adandiphunzitsa ndi iyeyo. Lansana, tenga."

Kenako biti yokha.

Ndinawerenga ndi chala pa tebulo. Mizere khumi ndi isanu ndi umodzi, yopanda mawu. Ndi mmene tinkapatsirana maiki. Ukamaliza gawo lako umatchula wotsatira, n'kumusiyira lake. Munthu akatchulidwa palibe wina wolowa m'malo mwake, kaya akutsokomola, kaya ali pa masitepe akubwera, biti imangoyenda kumudikira. Bernadette akuti a nyuzipepala adayamikira kuti kachetechete ameneyu ndi luso lakuya. Luso lanji. Ndi malo anga.

Masiku khumi ndi awiri biti ikuyenda m'mafoni a dziko lonse, ine ndili kwa Cleveland kulemba za matumba a zinyalala.

Nditaweruka ndawerenga zomwe anthu alemba pansi pa nyimbo yanga. Onse ankadziwa. Ambiri mwa zikwi zija amabwera kudzaona chitsiru. Ndaichotsa, koma adaikopera kale paliponse.

Lachisanu, 20 Okutobala

Dimeji ndamuimbira foni kanayi. Ikuitana mpaka kuduka.

Mama ayankha lero. Sanakuwe. "Mwana uja ndidamufunditsa bulangete langa. Iwe wamuvula pamsewu." Ndati Mama pepani. Iwo: "Pepaniyo si yanga." Adula.

Chochititsa manyazi n'chakuti nsanje sinathe. Ngakhale kundikumbukira wandikumbukira bwino kuposa mmene ine ndikadachitira. Pa chilichonse ayenera kundiposa basi.

Ndayamba kulemba mizere khumi ndi isanu ndi umodzi yanga. Yeniyeni. Ndikaijambula m'malo anga aja, n'kumutumizira iye yekha. Kaya amva, kaya samva.

Lolemba, 23 Okutobala

Sabata yakwana, sanayankhe ndi nyimbo. Pa intaneti ena akuti waopa. Dimeji saopa, ndimamudziwa. Bola akadandinyoza. Ali nazo zambiri: ndidasiya rapu chifukwa cha mantha, kawiri adandiitana ku situdiyo, kawiri ndidanamizira ntchito.

Mizere yatha. Ndakonza mzere womaliza kasanu. Ndimaibwereza chamumtima poima pa maloboti, lero galimoto lakumbuyo mpaka kuimba huta. Ndi yabwino. Ndikuganiza kuti ikuposa ya chikepe.

Cleveland wavomera kuti tijambule Lachitatu masana. "Koma ubwere ndi nkhope ina, iyo ndatopa nayo."

Lachitatu, 25 Okutobala

Ndafika ndi pepala m'manja. Cleveland watsegula chimbale pa kompyuta kuti atenge nyimbo yomaliza. Waloza pa kompyutapo. "Aise, iyi inali mphindi zinayi. Pano ndi zitatu ndi theka." Zimbale za pa intaneti mwini amatha kuzisintha zitatuluka kale. Ndimadziwa, koma sindidaganizeko.

Taika. Biti ija. Mizere yake. Kenako mawu aja: "Mizere ya chikepe ija ndi ya Lansana Kargbo. Adandiphunzitsa ndi iyeyo."

Zii. Yathera pomwepo.

Tabwereza katatu. Dzina langa walisiya, lonse, likumveka bwino. Ndi zomwe ndimafuna zija. "Tenga" wachotsa, malo aja wachotsa.

Cleveland anakanda mutu. "Bitiyo ndi yanga man, ndili nayo muno. Tikhoza kujambulabe." Anaiika, n'kundilozera maiki. Ndinaima pomwepo, pepala m'manja. Yayenda mizere inayi, isanu ndi itatu. Ndamuuza azimitse.

Palibe wandiuza kuti nditenge.