Mapilisi a mafupa amene ndinkakugulirani

Amayi, mukudzuka bwanji kumeneko? Mafupa aja analeka kuwawa?

Kuno mtedza wachita bwino, koma chimanga anyani atithandiza kukolola. Mbuzi yanu yamawanga yaswa awiri. Alamu anu a Nachisale akuvalabe chitenje chanu kutchalitchi, manyazi alibe. Chichokereni pamaliro anu sindinawapatse moni. Paja ndi iwo ankauza anthu kuti mukudwala ulesi, kenako n'kusintha kuti mwalodzedwa.

Nkhani yeniyeni ndi ya Esinati, mzime wanu. Wayamba monga munayambira inu: ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kudzimbidwa, msana ndi miyendo kuphwanya. Tsiku lina anaiwala njira ya kudimba. Ndinamukweza panjinga mpaka ku Boma. Kumeneko Lachitatu kumakhala anesi amene amaona okha odwala otere, osadikira dokotala. Anatifunsa zambiri mosathamanga, n'kumutenga magazi. Zotsatira zitabwera anati kashiamu wachuluka m'magazi mwake. Akuti pakhosi pali tinthu tinayi tating'ono ngati njere za mpunga. Kamodzi kakalusa kamadya mafupa, kashiamuyo n'kumathera m'magazi. Akuti nthawi zina zimayenda kumtundu.

Atafunsa za kwathu, ndinafotokoza za inu. Ndinanena monyada kuti ine ndinkakugulirani mapilisi a kashiamu kumsika wa kumalire, poti ku Fomu 3 tinaphunzira kuti amalimbitsa mafupa. Ndinawauzanso kuti madzi ndinkakupatsani pang'ono, kuti musamavutike kutulukatuluka panja. Anesiwo anasiya kulemba. Sanandikalipire ayi. Anangoti Esinati asamwe mapilisi amenewo ngakhale limodzi, koma madzi azimwa ambiri.

Amayi, munkapempha madzi, ine n'kukubisirani chikho. Munkaseka n'kumati, "Iwe, sukulu yakoyi idzatipha."

Zaka ziwiri ndakhala ndikuloza chala a Nachisale. Iwo anangolankhula. Wokumwetsani mapilisi m'mawa uliwonse ndinali ine. Musaganize kuti ndawakhululukira. Kungoti osakhululukidwa tsopano tilipo awiri.

Anesi alemba kalata yoti Esinati akaonedwe ku Blantyre, mwina akamuchite opaleshoni ya pakhosi. Amalume, achimwene anu aja, akana. Akuti mpeni wa pakhosi ndi wa nkhuku, ndipo akonza zopita naye kwa sing'anga kutsidya kwa malire Loweruka likudzali. Sindinatsutse. Ndinawagwadira bwinobwino n'kuvomera, mpaka anadabwa.

Lachisanu m'mawa ndimutenga Esinati ngati tikupita kuchigayo, thumba pamutu, kalata ya anesi m'kati mwa chimanga. Minibasi tikakwerera pa Boma. Amalume akafuna kundithamangitsa pamudzi, andithamangitse.

Ndikudziwa kuti mwamusowa mwana wanu, Amayi, koma mudikire. Esinati sabwera kumeneko chaka chino, ndakulonjezani.

Ndine wokukondani, wamakani uja,
Filesi