Mlendo Anatchula Dzina Lake

Chinle, Arizona
23 Seputembala 2018

Okondedwa achimwene a Leland,

Ndikhulupirira kuti mwendo uja wayamba kukulolani kuyenda, komanso kuti kutentha kwa ku Phoenix kwayamba kuchepa. Kuno tilipo. Kunagwa kamvula, mchenga wa m'chigwa walimba, moti galimoto sikutitimira ngati mwezi watha. Ntchito yoperekeza alendo ndikugwirabe. Amabwera ndi zipewa zawo zazikulu, kuloza tinyumba ta anthu akale ta m'mapanga, kujambula, kenako kufunsa komwe kuli chimbudzi.

Mapichesi chaka chino abereka mpaka nthambi kuthyoka. Ndawang'amba n'kuwayanika pathanthwe paja monga ankachitira malemu mkazi wanga, koma anga akuda. Sindidziwa chomwe iye ankachita kuti azituluka ofiira. Zaka zonsezi ndinkangomusenzera madengu, osayang'ana manja ake.

Mukudziwa kuti munda uja ndi wa kwawo kwa mkazi, ine ndinangobwera. Maliro atatha, mlamu wanga Verna, mkulu wake wa malemu, anandilola kukhalabe kuti ndizisamalira mitengo. Anangopempha kuti tisunge mwambo: masiku olira akatha, dzina la wopita lisamvekenso, kuopa kumubweza panjira. Ndinasunga, achimwene. Chichokere nyengo yozizira sindinalitchulepo, ngakhale kwa nkhosa.

Loweruka ndinanyamula nkhalamba ziwiri za ku Ohio, bambo ndi mkazi wake. Titaima pamthunzi pafupi ndi munda, pomwe Verna amagulitsira mikanda, mayiyo anatulutsa foni.

"Bambo inu, chaka chatha pano panali mayi wina wanthabwala zedi. Ankati mwamuna wake amayendetsa galimoto ngati wanyamula mazira a apongozi. Lero ali kuti?"

Ndisanayankhe, anandionetsa kanema. Anali iye, atavala siketi yobiriwira ija, akuseka, dzino lobenthuka lija lili poyera. Kenako mayiyo anatchula dzina, mokweza, mpaka khoma la mwala la m'chigwamo linalibweza.

Verna anataya mikanda pansi. "Mayi, bisani chinthucho! Alamu, auzeni alendo anuwa! Mwangoti kakasi bwanji?"

Ndinayenera kuwakweza galimoto n'kuchoka. Koma pakamwa panga panatuluka zina. Ndinati, "Pepani mayi, sindinamve bwino. Mwati ndani?" Anabwereza. Ndinafunsanso. Anabwerezanso pang'onopang'ono, kuyesa ndine gonthi. Mwamuna wake ndiye anazindikira. Anavula chipewa n'kumugwira mkono mkazi wakeyo, ndipo ulendo wonse wobwerera palibe amene anajambula kanthu.

Mawa lake Verna anandipeza ndikutembenuza mapichesi. Sanakalipe.

"Alamu, makutu anu aja amamva galimoto isanachoke ku Gallup, agontha liti?"

Ndinapitiriza kutembenuza mapichesi.

"Mukumuitana inu. Ndiye akabwerera safikira inu nokha, muno muli zidzukulu. Mukatha kuyanika mukwere kumtunda, mupite kwanu. Ife tiitana sing'anga adzaimbe, akonze pamalo."

"Nanga mitengoyi?"

"Mitengo inalipo inu musanafike ndi nsapato zong'ambika zija." Anayesa kuseka, koma maso anali pansi. Nayenso anataya mng'ono wake.

Sindikumuda Verna. Akanandifunsa ngati ndingalonjeze kuti sindidzachitanso, sindikanalonjeza, ndipo iye akudziwa. N'chifukwa chake sanafunse.

Kwathu kumtunda mukudziwa momwe kulili. Chimwalirire amayi kwatsala mpanda wa nkhosa ndi mphepo. Ntchito sanandiletse, koma ndiye kuti tsiku lililonse ndizidutsa pamunda paja n'kumauza alendo kuti awo ndi mapichesi a banja lina. Sindikuona kuti ndingathe. Mayi wa ku Ohio uja anapempha nambala yanga kuti anditumizire kanema. Ndinakana, ndipo yawo sindinatenge. Ndimati ndasunga kuseka kuja m'mutu, koma kwayamba kale kuzilala, kukungotsala phokoso la injini.

Chopempha changa ndi chimodzi. Ngati kachipinda kanu kakuseri kalibe munthu, mundisungire. Sindidya zambiri ndipo sindisokosa. Kaya munthu wodziwa mchenga ndi mitengo yokha angagwire chiyani m'tauni, tikaona komweko. Ndibweretsa thumba la mapichesi, akudawo. Ana asawaseke ine ndili pomwepo.

Mundiperekere moni kwa alamu a Darlene, muwauze kuti bulangeti lija ndikufunda. Moni kwa ana onse, ndi kwa aliyense amene angafunse za kuno. Akafunsa za munda, muwauze kuti wabereka bwino.

Pansipa pankakhala maina awiri. Malo a linalo ndawasiya. Mukamawerengera ana kalatayi, mukafika pamenepo mungoima pang'ono.

Ndine mng'ono wanu,

Delbert ndi