Chigafa cha Bambo Ako Chasamuka

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi ana. Kodi chifuwa cha wamng'ono uja chinatha? Kuno tili bwino, kupatula bondo langa lija limene limadziwa za mvula kuposa a pa wailesi. Mchimwene wako wanenepa. Akuti ndi mtendere wa mumtima, pamene tonse tikudziwa kuti ndi ulesi.

Ndikanatha kukuimbira foni, koma pa foni iwe umafulumira, ine ndimasokonezeka, mapeto ake timangokamba za mankhwala. Nkhaniyi ikufuna pepala. Khala pansi.

Chigafa cha malemu bambo ako chasamuka.

Sindinaiwale zimene unandiuza pamene tinkagulitsa munda wa kuseri uja, kuti zonse zipite koma chigafa chisakhudzidwe. Ndinavomera ndi pakamwa pokha. Chigafacho chinali m'kati mwa malo ogulitsidwawo, ndipo ndinalibe mtima wokuuza. Mwezi wathawu mwini malo watsopano anabwera ndi anthu oyeza, atavala nsapato zoyera ngati akupita ku ukwati. Anati akufuna kumangapo nyumba za lendi, ndiye chigafa chikumutchingira. Anandipatsa masiku khumi. Akapitirira, achigwetsa ndi thirakitala, mitengo n'kuitentha.

Masana a tsiku lomwelo ndinakalowamo ndekha. Ukukumbukira mmene dzuwa limalowera pa mabowo a malata? Timadontho ta kuwala tinali mbwee pansi ponse, tikugwedera ngati tinsomba m'madzi osaya. Chingwe cha katungwe wako chinali chikadali pa mtanda, chitauma gwaa. Fungo la matumba akale ndi oili wa njinga linali lomwe lija. Ndinakhala pa chitsa, tulo n'kundiba. Ndinalota chigafa chikuzula miyendo yake umodziumodzi ngati ng'ombe yotuluka m'matope, n'kuyamba kuyenda kulowera kumsewu, ine ndikuchitsatira ndi dengu pamutu. Nditadzuka ndinadziwa chochita.

Paja mbande zanga za mitengo ndimagulitsira pa kamalo kanga ka m'mbali mwa msewu, ndipo chaka chilichonse theka lake limapsa ndi dzuwa. Ndinati chigafa chipite kumeneko chikandipatse mthunzi.

Mchimwene wako anaseka, akuti zinthu zakalekale zimenezo zingotiphwanyikira m'manja. Komabe anandipezera kalipentala, bambo wachikulire wa imvi, amene anthu amangowatchula kuti a Tisathamange, chifukwa ndiwo mawu awo pa chilichonse. Akazi awo anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.

Tsiku loyamba sanazule ngakhale msomali umodzi. Anangozungulirazungulira, akugogoda nsanamira iliyonse ndi chala n'kutchera khutu ngati adokotala. Kenako anatulutsa choko n'kulemba nambala pa mtengo uliwonse, kuti kumene tikupitako uliwonse ukapeze mnzake amene wakhala naye zaka zonsezi. Nsanamira zija zilipo khumi ndi ziwiri. Zitatu chiswe chinazidya kunsi, koma anati kumtunda zikadali ndi moyo, adzazilumikiza.

Malata ankawatsitsa limodzilimodzi. Lililonse likachoka, thambo linkalowa m'chigafa, mpaka ndinapezeka ndaima m'nyumba yopanda denga, mitambo ikudutsa pakati pa mitanda. Ntchito yanga inali kuwongola misomali pa mwala n'kuiponya m'chitini. Ngakhale yopindika ngati mbedza sankalola kuti itayidwe.

Tsiku lachinayi anandiitana kuti ndikwere makwerero ndidzaone. Ukudziwa mmene bambo ako ankadzitamira kuti chigafa chawo chinamangidwa mwaukatswiri. Mwana wanga, mtanda waukulu uja anaumangirira ndi tcheni cha njinga ndi waya wa pa mpanda! Zaka makumi atatu tinkakhala pansi pa tcheni cha njinga. Ndinaseka mpaka makwerero kugwedera. A Tisathamange sanaseke. Anati amene anamanga apa analibe zipangizo, koma mfundo zake ndi za munthu amene ankadziwa kuti pansi pake pazisewera ana. Kuseka kwanga kunasanduka kulira ndili pamwamba pomwepo, ndipo iwo anangogwira makwerero mpaka nditamaliza.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri ntchito inaima. Pakona, pa mtanda womaliza, panali chisa cha anamzeze, muli tiana tinayi titatsala pang'ono kuuluka. A Tisathamange anatsika, n'kuika hamala pansi, akuti tidikire. Ndinawakumbutsa za masiku khumi aja. Anangonena dzina lawo lija.

Mwini malo anabwera pa galimoto akutentha. Anati sanagule malo kuti aziwetapo mbalame. Iwo anavula chipewa mwaulemu, n'kuloza chisa chija: "Bwana, alendi anu oyamba ndi awa. Apatseni masiku ochepa alongedze." Munthu uja anayang'ana m'mwamba, pakamwa pakufuna kuseka koma ubwana ukumuletsa. Anakwera galimoto yake osanenanso za thirakitala.

Masiku anayi tinadikira. Ndinkabwera ndi tiyi m'fulasiki, tinkakhala pa mulu wa malata pansi pa mafupa a chigafa, mithunzi ya mitanda ikuyenda pa miyendo yathu. Sindidziwa kuti nthawi inkapita kuti. Anandiuza za akazi awo, kuti mpaka lero amapezeka atulutsa makapu awiri. Ine ndinawauza za bambo ako, zabwino ndi zovuta zomwe, zina zimene sindinauzepo munthu. Nthawi zina tinkangomvetsera mapiko a anamzeze aja. M'mawa wa tsiku lachinayi tiana tija tinatuluka, kamodzi kanatsalira, kanazengereza pakhomo pa chisa, kenako nako kanadziponya mumphepo.

Nsanamira zitazulidwa panatsala maenje khumi ndi awiri. Kunagwa kamvula masana, ndipo kutacha dzenje lililonse linali ndi kachidutswa kake ka thambo. Ndinayenda kusuzumira lililonse. M'lomaliza ndinaona nkhope yanga, ndipo sinali nkhope ya munthu wolira maliro.

Posamuka ndinakana kukhala kutsogolo kwa lole. Ndinakwera kumbuyo, pamwamba pa mitengo, ine mayi wa zaka zanga, mpango ukuuluka. Anthu m'mashopu ankatuluka kudzaona. Msewu umene ndauyenda wapansi moyo wanga wonse ndinauona uli wina: madenga a anthu, nsapato yotayidwa pamwamba pa sitolo, nthambi zikundipukuta kumaso. Zinali ngati ndili m'bwato, nyumba zonse zikuyandama kubwerera m'mbuyo.

Tsopano ndafika pa nkhani yeniyeni.

Kumalo atsopano aja, tikuimika nsanamira, ine ndinkagwira, a Tisathamange akuyeza ndi chingwe chomangirira mwala kuti ione kumwamba bwinobwino. Pa nsanamira yachisanu ndi chinayi anandiuza kuti ndigwire pomwepo, ndisasunthe. Atatsinzina diso limodzi, akuyang'ana chingwe osati ine, anati ntchito itha Loweruka, koma iwo sakudziwa kuti Lolemba adzadzukira chiyani. Anati ndi okalamba, alibe zambiri, koma ngati ndingalole, akufuna masiku amene atsala adzawathere pamene pali ine.

Mwana wanga, ndinaisiya nsanamira. Pang'onong'ono ikanawagwera. Munthu amene sanathamangepo chibadwire anadumpha ngati mbuzi.

Chigafa chaima tsopano. Nchachifupi pang'ono kuposa kale chifukwa cha zodulidwa zija, koma ukachiona uchidziwa. Mbande zanga zili pansi pake mizeremizere, zobiriwira, ndipo anthu odikira basi amabwera kudzausa. Tcheni cha njinga chija anachibwezera pamalo pake, ngakhale anamangapo mabawuti, akuti si iwo woti achotse dzanja la mwini wake.

Mchimwene wako akudziwa zonse. Anakanda mutu, n'kunena kuti bamboyo ndi wabwino, koma iweyo ndikuuze ndekha chifukwa iye amakuopa.

Kalatayi ndailemba katatu. M'makalata awiri oyambawo ndinalemba kuti ndawauza a Tisathamange kuti adikire mpaka ndimve maganizo ako. Ndinawang'amba, chifukwa linali bodza, ndipo ndakunamiza kale kamodzi pa nkhani ya chigafa. Zoona zake n'zakuti ndinavomera tsiku lomwelo, manja akadali ndi dothi.

Ndikudziwa mmene unkawakondera bambo ako. Inenso ndinawakonda, ndinawadwazika, ndinawalira zaka zisanu ndi zitatu. Palibe amene akubwera kudzakhala pampando wawo. Koma nyumba ija imakula kwambiri madzulo, mwana wanga, ndipo ndinatopa kuyankhula ndi ketulo.

Ukwiye ngati ukufuna, uli ndi chifukwa. Unditukwane m'kalata, ndiwerenga mawu aliwonse. Chimene ndikukupempha n'chakuti usakhale chete, ndiponso ubwere ana akatsekera sukulu. Udzawaone ndi maso ako, udzawafunse mafunso ako ovuta aja. Ndawachenjeza kale, ndipo akuti agula malaya atsopano.

Sitichita kanthu kalikonse iwe usanafike. Tsiku la ukwati wathu ndikufuna udzaime pambali panga, ngakhale utakwinya nkhope.

Undiperekere moni kwa amuna ako, uwauze kuti ndimawathokoza pokusamala. Zidzukulu zanga uzipsompsone, ndipo wamkuluyo umuuze kuti chithunzi chimene anandijambula chili pakhoma. Mulungu akusungeni nonse, akutsegulireni njira, ndipo afewetse mtima wako pamene ukupinda pepalali.

Ndine mayi ako,
amene akudikira yankho lako.