Bambo anasiya kundilankhula, timu yawo n'kuyamba kuwina

Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 29, ndimaphunzitsa pasukulu ya pulayimale m'tauni yathu ino ya Baní, ndipo ndikukwatiwa pa 24 Januwale. Vuto langa si mwamuna ayi. Vuto ndi bambo anga ondibereka ndi timu yawo ya besibo, masewero aja omenya mpira ndi ndodo.

Dzina la timuyo sinditchula, chifukwa ndikudziwa kuti inunso muli ndi yanu, ndipo sindikufuna mundiyankhe mutakwiya kale. Ndingoti ndi timu ija imene masapota ake mu Okutobala, ligi ikamayamba, amati "chaka chino n'chathu," ikamafika Khrisimasi n'kumati "tikumanga timu ya chaka chamawa." Anayamba kumanga ndili kusukulu ya mkaka. Ikanakhala nyumba, bwenzi pano ikuonekera ku Puerto Rico, kutsidya kwa nyanja.

Bambo anga, a Eligio, ndi ometa tsitsi. Mometera mwawo muli mipando iwiri, wailesi imodzi, ndi akatswiri a besibo okwana khumi amene amakhala pabenchi tsiku lonse osametetsa ngakhale ndevu. Onsewo amadziwa kuposa kochi. Palibe ngakhale mmodzi angathamange kuchoka pabenchipo kukafika pamsewu osapumira panjira.

Lamulungu loyamba la Disembala makolo a bwenzi langa Radhamés anabwera kwathu kudzagwirizana za tsiku la ukwati. Mayi anaphika sankocho, msuzi wa nyama zamitundu itatu ndi chinangwa, poto wake wamkulu uja amatuluka pa Chaka Chatsopano pokha. Banja la Radhamés limachemerera timu ina, ya zikho zambiri, ndipo amayenda ngati zikhozo anaziwina okha ndi manja awo. Tsiku limenelo timu ya bambo inali pa nambala 5 mwa matimu asanu ndi imodzi, ndipo opita kundime yachiwiri amakhala anayi okha.

Nditatchula 24 Januwale, bambo anaika supuni pansi.

"Imeneyo ndi sabata ya fainolo," anatero.

Aphungu, mdierekezi alibe tchuthi. Ndinaseka n'kunena kuti, "N'chifukwa chake tasankha tsikulo, ababa. Sabata ya fainolo inu mumakhala opanda chochita chaka chilichonse."

Tebulo lonse linafa nako kuseka. Bambo ake a Radhamés anatsamwa mpaka akazi awo anachita kuwamenya pamsana. Atapezako mpweya anawonjezera kuti, "Musadandaule, a Eligio, tidzakubwerekani wailesi ya kanema kuti muone mmene fainolo imaonekera." Radhamés anaweramira m'mbale, koma mapewa ake ankagwedezeka.

Bambo anapukuta pakamwa, anathokoza mayi chifukwa cha chakudya, anatenga chipewa chawo n'kupita kometera, ngakhale Lamulungu satsegula.

Madzulo omwewo timu yawo inawina.

Lolemba bambo sanandilankhule. Lachiwiri sanandilankhule, timu inawinanso. Lachitatu chimodzimodzi. Ine ndinkati mkwiyo wa bambo sudutsa masiku atatu, mwa nthawi zonse amabwera okha ndi mango n'kuyamba nkhani ina. Koma Lachinayi a Chepe, mnzawo wa paubwana amene anapuma pa ntchito yoyendetsa basi n'kuyamba ntchito yokhala pabenchi, anatulukira sayansi yatsopano. Mayi anamva okha akunena kuti:

"Achimwene, mwaona? Chisiyireni kulankhula ndi mwana uja, tawina katatu. Ine sindikunena kanthu. Ndikungoti chimene chikugwira ntchito sachigwiragwira."

Pamene ndikulemba kalatayi apambana masewero asanu ndi awiri motsatizana. Ali pa nambala 4, molingana ndi timu ina, ndipo kwatsala masewero atatu. Woponya mpira wawo wa ku Venezuela uja, amene masabata awiri apitawo ankati abwezedwe kwawo pa bwato lobooka, lero akuti ndi mphatso yochokera kumwamba. Kochi amene ankamutcha bulu wovala kapu, akuti ankadziwa zonse kuyambira kale, amangobisa nzeru. Ndipo ngwazi ya zonsezi ndine, mwana amene bambo ake sakumulankhula.

Kunyumba timadya patebulo limodzi. Bambo akafuna mchere umene uli pafupi ndi ine amati, "Carmita, uza mwana wako andipatsire mchere." Mayi anga a Carmita, amene akhala m'banja zaka 34, amayankha kuti, "Mwana wanga, uwauze akatswiriwo kuti mchere uli ndi miyendo, ubwera wokha."

Loweruka ndinalimba mtima n'kupita kometera. Ansembe akufuna kuonana ndi makolo a mbali zonse ziwiri, ndiye ndinati ndikawauze maso ndi maso. Nditangoponda pakhomo, benchi yonse inaimirira ngati kwalowa njoka.

"Aphunzitsi, chonde, bwererani!" anakuwa a Chepe, atatambasula manja. "Masewero atatu okha! Tadikira zaka zonsezi, inu simungadikire sabata imodzi?"

Mkulu wina amene anali pampando, mutu atametedwa mbali imodzi, anati, "Mwana wanga, ukwati ukhoza kuchitika mwezi uliwonse. Ine ndakwatirapo katatu. Koma timu iyi kuwina kasanu ndi kawiri, sindinazionepo."

Ndinati, "Ababa, ndabwera kwa inu, osati kwa nduna zanuzi."

Bambo anandiyang'ana kudzera pa kalilole. Ndinaona milomo yawo ikufuna kutseguka. Kenako anatenga thaulo lopukutira makasitomala, n'kuliluma. Bambo wa zaka 63, Aphungu, thaulo kukamwa, lezala kumanja. Benchi inaombera m'manja. Ine ndinatuluka, ndipo ndinakalirira kuseri kwa golosale ya pakona kuti asandione.

Ndikamuuza Radhamés amangoseka. Akuti, "Wachikondi, usavutike. Timu imeneyo ili ngati mvula ya dzuwa, siinyowetsa munthu. Pofika Lachisanu bambo ako adzakhala akukulankhula mpaka udzatopa nawo." Mwina akunena zoona, koma akamanena nkhope yake imandinyansa.

Chimene chikundiwawa n'chakuti timuyo ndi yanganso. Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri bambo anandikweza basi mpaka ku likulu kukaonera masewero, atandigulira kapu imene inkanditseka maso. Anandinyamula paphewa masewero onse. Tinaluza, monga mwa mwambo wathu, koma pobwerera ankaimba mu basi monse. Lero ine yemweyo ndikumagwada m'tchalitchi kupempha Mulungu kuti timu yathu iluze. Akalowa ndime yachiwiri ndi masewero enanso 18, ndiye kuti bambo adzandiperekeza kuguwa atatseka pakamwa. Akafika mu fainolo, sindikudziwa ngati adzabwere n'komwe.

Tsiku sitingasinthe mwachisawawa, chifukwa mchemwali wake wa Radhamés anapempha kale tchuthi kuntchito kwake ku New York. Mayi akuti ndiwasiye, misala imatha yokha. Anandinong'onezanso kuti Lachiwiri anawaona bambo akutuluka kwa telala, komwe akuti anakayezetsa suti, koma atawafunsa anakana kwamtuwagalu.

Kodi ndisinthe tsiku? Ndidikire timu iluze? Kapena ndikawakuwire khutu mpaka ayankhe, benchi yonse idzandide mpaka kumanda?

Y.P.,
Baní.


Mwana wanga Y.P.,

Choyamba landira mafuno abwino. M'dziko muno muli matimu amene amaitanitsa osewera kuchokera ku America ndi ku Japan kuti awine masewero awiri motsatizana, pamene iwe wawinitsa asanu ndi awiri ndi pakamwa pokha. Ukanakhala pafupi ndikanakupempha ukanyoze amuna anga, mwina timu yathu ikanadzukako.

Kalata yako inandipeza Lachitatu. Lachinayi timu ya bambo ako, imene sunaitchule koma ngakhale mbuzi ya ku Baní yaizindikira, inakwapulidwa 9 kwa 1. Mphatso yochokera kumwamba ija inatulutsidwa m'bwalo gawo lachiwiri lisanathe. Bambo ako anali chete, thaulo linali kukamwa, koma mpira unkangouluka kutuluka m'bwalo ngati nkhunda. Ndiye sayansi ya a Chepe yafa. Usayembekeze kuti apepesa. Pofika pano apeza kale kuti wolakwa ndi kochi, woimbira masewero, kapena munthu wina amene anachapa malaya ake amwayi.

Tsopano tikambe za iwe, chifukwa m'kalata yako yonse yaitaliyi ndafufuza mawu amodzi ndipo sindinawapeze. Wandiuza za sankocho, za mchere, za thaulo. Sunandiuze kuti unapepesa.

Bambo ako akhala akusekedwa chifukwa cha timu imeneyi moyo wawo wonse. Amasekedwa ndi makasitomala, ndi oyendetsa njinga zamoto, ndi ana asukulu. Khungu lawo linakhuthala kalekale. Koma sanasekedwepo patebulo lawo, pamaso pa asewere awo, nthabwala yake itayambitsidwa ndi mwana amene anamunyamula paphewa. Tsiku limenelo iwo anaona mwana wawo akusamuka, kuchoka ku benchi yawo kupita ku benchi ya banja lina, ukwati usanachitike n'komwe. Masiku atatu oyamba sanali a malodza, anali a bala. A Chepe anangowapatsa pobisala, chifukwa bambo wachikulire kunena kuti "ndikuthandiza timu" n'kosavuta kusiyana ndi kunena kuti "mwana wanga wandipweteka mtima."

Ndiye chita izi. Usapitenso kometera. Kumeneko si bambo ako, ndi mtsogoleri wa chipani, ndipo sangagonje anthu ake akuona. Apeze kunyumba m'mawa akumwa khofi, mayi ako uwapemphe apite kumsika. Usafunse funso lililonse lofuna yankho. Ungonena kuti unalakwa kuwaseketsa pamaso pa alendo, ndipo ukufuna iwo, osati wina aliyense, akugwire dzanja pa 24. Ukatero imirira uzipita kuntchito. Akakhala chete, asiye. Munthu amene akukayezetsa suti mobisa sanasiye mwana wake, akungofuna njira yobwerera yosachititsa manyazi.

Kwatsala masewero awiri, ndipo akuyenera kuwina onse, kwinaku akupemphera kuti anzawo olingana nawo aja apunthwe. Lamulungu masewero ali masana. Ukakhale nawo pabalaza, muonere limodzi. Ndipo usiye mapemphero ako aja. Mulungu ali ndi zambiri zoti achite, komanso timu imeneyi siinafunepo thandizo la kumwamba kuti iluze.

Tsiku la ukwati usasinthe. Ndikunena izi mwachikondi komanso monga munthu amene waonera besibo zaka makumi anayi: timu ya bambo ako ili ndi omenya mpira awiri abwino, ena onse amagwedeza ndodo ngati akuthamangitsa ntchentche. Oponya awo akafika gawo lachisanu ndi chiwiri manja amasanduka phala. Ndime yachiwiri akhoza kulowa, zozizwitsa zimachitika. Koma fainolo adzaionera pomwe tidzaionere tonsefe. Izi ndakuuza iwe. Ukakazibwereza kunyumba, ndidzakukana.

Radhamés naye ali ndi ntchito. Mwamuna amene akumva kuti mkazi amene akufuna kumukwatira akulira kuseri kwa golosale iye n'kumawerenga masiku oti apongozi ake aluze, akufunika kumukoka khutu ukwati usanafike. Umuuze apite yekha akametetse kwa bambo ako, akhale pampando, apereke khosi lake kwa munthu wogwira lezala, ndipo anene chinthu chimodzi chabwino chokhudza timuyo. Akachisowa anene kuti yunifolomu yawo ndi yokongola. Bambo akenso auzidwe kuti nthabwala ya wailesi ya kanema ija inakwana kamodzi komweko.

Pomaliza ndikuchenjeze. Kaya timu ya bambo ako idzakhalamo kaya ayi, fainolo idzakhalapo ndithu, ndipo wasankha kukwatiwa mkati mwa sabata yake, m'dziko limene anthu amafunsa zigoli ali pamaliro. Theka la alendo ako lidzakhala litaweramira pansi pa tebulo, osati kupemphera, koma kuyang'ana mafoni. Usalimbane nazo, sungapambane. Ika wailesi ya kanema pakona ya holo, kutali ndi keke, apo ayi udzavina ndi mipando. Ndipo ansembe ukawapemphe afupikitse ulaliki. Sakakana. Nawonso ali ndi timu.

Aphungu