Belu lija munakankha pa njinga

Namwera, 14 Juni 1994

Okondedwa Bambo,

Moni m'dzina la Ambuye. Kodi mwendo uja ukukusautsanibe ndi chisanu cha mwezi uno? Kuno tili bwino. Mpongozi wanu Lusia anadwala malungo, koma tsopano wayambanso kupita kudimba.

Kalata yanu inandipeza. Ndinaseka ndekha nditawerenga kuti kumudziko mukuitanira anthu ku mapemphero pomenya khasu lothyoka, inu amene munkatikalipira tikaliza belu mopupuluma. Koma kuseka kwake sikunakhalitse.

Mwezi watha akhristu anandisankha kukhala wapampando wa tchalitchi chathu chino. Ndinakana kawiri, iwo n'kumati mwana wa katekisiti alibe kothawira. Sindinadziwe kuti akundikhazika pamoto, chifukwa mlandu woyamba kundifikira ndi wa belu lanu lija.

Mukukumbukira mmene tinalitulutsira m'tchalitchi cha kwathu chikuyaka pa nkhondo ija, n'kulikulunga m'chiguduli. Munalikankha pa njinga masiku awiri m'tchire, mutasiya thumba la chimanga, amayi akukunenani njira yonse kuti tikadya chitsulo. Kachitsulo kake kam'kati kanagwera mumtsinje, ndipo titafika kuno a Jailosi, wosula makasu uja, anatisulira kena. Che Yasini, Msilamu weniweni, anatipatsa mtengo wawo wa mango kuti tilipachikepo, bola lisalire nthawi ya mapemphero awo a swala. Tinalibe ngakhale mphasa, koma Lamulungu likafika tinkakhala ngati tili kwathu. Masiku amenewo ndimawasowa, Bambo, ngakhale anali a njala.

Tsopano malole omaliza a obwerera kwawo anyamuka mwezi ukamatha. Anzathu othawa nkhondo akuti belu likwere nawo, poti ndi la makolo awo. Eni mudzi akuti lawalirira maliro zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo popanda kachitsulo ka a Jailosi ndi chidebe chabe. Anthu amene ankadyera mbale imodzi ayamba kukhala mbali ziwiri m'tchalitchi. Pamsonkhano a Jailosi anaimirira nati, "Inu a Avelino munabadwira uko, munakwatira kuno. Weruzani, tikumverani."

Ndawerenga za Solomoni mpaka tsamba lada. Mnzathuyo anali ndi mwayi, poti mayi woona anali mmodzi. Kuno onse awiri ndi oona.

Chimene sindinauze munthu ndi ichi. Mtima wanga ukufuna belu litsale, osati chifukwa cha akhristu a kuno, koma chifukwa amayi anagona kuseri kwa mango aja. Linawalirira tsiku tinawaika, ndipo likachoka ndidzamva ngati tawasiya okha m'dziko la eni. Ndikagwada kupempha nzeru, sindikutha kusiyanitsa mawu a Mulungu ndi chisoni changa. Ndikuopa kuweruza mpingo ndi misozi ya mwana wamasiye.

Pempho langa ndi limodzi. Lachisanu la sabata yamawa musale chakudya pamodzi nane, mundipempherere monga munkachitira musanalowe pa mlandu wa akhristu. Mukatero mundilembere mosandinyengerera. Inu ndinu munalikankha, komanso amene agona pansi pakeyo ndi akazi anu. Mukati libwere, ndilikweza pa lole ndi manja anga, kungoti ndidzayamba ndaliliza kamodzi kuti amayi amve kuti likupita kwawo.

Mundiperekere moni kwa azakhali, amalume ndi alongo anga onse. Lusia ndi adzukulu anu akuti muwalandirire moni. Manda a amayi ndinalambula Loweruka, ndipo chinangwa munadzala chapafupi chija chakula.

Tsalani mumtendere wa Ambuye.

Ine mwana wanu,
Avelino