Zala Khumi za Gordon Niemi

Cedar Forks, Michigan
17 Novembala 2024

Okondedwa a Corinne, asilikali athu,

Ndayamba ndi ulemu chifukwa ndamva kuti tsopano umadziwa kuwombera. Uli bwanji kumeneko, mlongo wanga? Akukudzutsabe mbandakucha n'kumakukalipira m'khutu? Zakuyenera, iwe amene unkagona mpaka dzuwa lifike pamutu. Kalata yako inafika Lachitatu. Ndinaseka nditamva kuti akulanda foni mpaka umalize maphunziro, koma pano amene akuvutika ndine, chifukwa ndagwira cholembera koyamba chichokereni kusukulu ndipo dzanja layamba kale kuwawa. Ukaona zolakwika usandikonze. Aphunzitsi analephera, iwe sungathe.

Kuno chipale chagwa kale. Nyengo yosaka agwape yatsegulidwa Lachisanu, tauni yonse ili m'nkhalango ndi zovala zawo zaolenji, kupatula ife. Chifukwa chake ndikuuza, usathamange.

Unafunsa za adadi, ndipo unati ndisakunamize. Chabwino.

Ukukumbuka mmene ankalankhulira fakitale ya mapepala itangotsekedwa, kuti munthu wodziwa makina sagona ndi njala. Iwe utangochoka, mawu aja anatha. Tinafunsira ntchito paliponse pa intaneti, iwo akunena ine ndikudina mabatani, osayankhidwa n'kamodzi komwe. Akuti masiku ano CV sawerenga munthu, imawerenga kompyuta n'kutaya. Madala anakhazikika pampando uja wapawindo. Ndevu osameta. Chakudya ankangochisunthasuntha ndi foloko. TV ili chiyakire, maso ali kukhoma. Ndinawauza kuti ndiyamba kuwathirira madzi ngati duwa, osaseka. Ndipo iwe ukudziwa kuti adadi akasiya kundinena kuti chitsiru, ndiye kuti zinthu zavuta.

Tsiku lina anaona pa intaneti kampani yolembera anthu ma CV. Madola mazana anayi. Ndinati, "Adadi, ndalamayo ndipatseni ine, ndikulemberani kuti munapita kumwezi." Anangodzuka, n'kutenga mfuti yawo ya agwape ija, imene anawasiyira agogo, n'kukaigulitsa. N'chifukwa chake chaka chino sitikusaka. Ndikuuze zoona, mfuti imeneyo itatuluka m'nyumba muno ndi pamene ine ndinayamba kugona tulo tabwino. Usandifunse zambiri.

Wolemba CV anali mayi wina dzina lake Shauna. Sitinamuonepo, mawu okha pafoni, okoma ngati a munthu wogulitsa mabokosi a maliro. Adadi anaika foni patebulo kuti tonse tizimva.

"Bambo Niemi, pamakina okulunga mapepalawo mwagwirapo zaka zingati?"

"Zaka 34, mayi."

"Eee, n'zambiri. Tilemba khumi zomalizazo."

"Nanga zinazo?"

"Tizisiya. Chaka chimene munamaliza sukulu tichotsanso. Akaona zimenezo amawerengera msinkhu wanu, ndiye sakuyimbirani."

Adadi anayang'ana dzanja lawo lamanja lija. "Zala ziwirizi makina anadya mu 1997. Ndiye kuti nazonso sizinachitike?"

Mayi uja anaseka pang'ono, kuyesa nthabwala. "Zimenezo sitilemba, bambo."

Ine ndinati, "Mayi, muwabwezereko zalazo papepalapo, talipira kale." Adadi anandiponda phazi.

CV inabwera yoyera bwino, yosalala. Adadi si wogwira makina ayi, ndi katswiri woyendetsa ntchito, wachangu, wokonda kuphunzira zatsopano. Adadi omwe aja amatukwana limoti ya TV. Anavala magalasi n'kuwerenga mpaka pansi, n'kubwerezanso. Kenako anati, "Mnyamata ameneyu ndi wabwino. Ndikanakhala bwana ndikanamulemba ntchito."

Ndiye tamvera, Corinne, pepalalo limagwira ntchito. Pamenepo Shauna sindimunena. Foni imene inali chete miyezi yonseyi inayamba kulira. Anaitanidwa malo atatu, ndipo konseko anavala suti ya pamaliro a amayi. Ulendo woyamba anabwera msanga. Akuti mtsikana amene anatuluka kudzawatenga anaitana kuti "Gordon Niemi" akuyang'ana mnyamata amene anakhala pambali pawo. Adadi ataimirira, iye anangoti, "Oo." Ulendo wachiwiri anawafunsa ngati miyendo yawo ingathe kuimirira shifiti yonse, anthu osadziwa kuti miyendo imeneyo yaimirira iwo asanabadwe. Ulendo wachitatu ndinawadaya tsitsi mu sinki yakukhitchini. Anatuluka ngati nsapato yopolishidwa kumene, nkhope ya zaka 58 pansi pa tsitsi la mwana wasukulu. Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Nawonso anaseka. Koma atabwerako sanalowe m'nyumba. Anakhala m'galimoto panjapo, khofi amene ndinawapititsira mpaka anazizira ali m'manja.

Foni yachinayi inachokera ku fakitale ya matishu a m'chimbudzi, kutsidya kwa mtsinje, ku Wisconsin. Makina ake ndi okulunga, abale ake a aja amene adadi agwirapo mpaka kukalamba. Msewu unali woterera ndiye ndinawayendetsa ine. Tinafika shifiti ikusinthana. Otuluka pageti onse anali anyamata ngati ine, zipewa chammbuyo, mafoni m'manja. Adadi anawayang'ana nthawi yaitali, CV ili pamwendo, chitseko osatsegula.

"Junior, uli ndi zaka zingati?"

"Munalipo, adadi. 28."

"Chotsapo khumi."

"Masamu ndinawasiya kusukulu."

"18. Msinkhu woyambira pamakina." Anandiika pepala lija pachifuwa ndi dzanja la zala zitatu. "Werenga dzina pamwambapo."

"Gordon Niemi."

"Nanga laisensi yako imati chiyani?"

"Chimodzimodzi, koma ili ndi ka Jr. kumapeto."

"Ka Jr. kako ndani amakaona?"

Ndinaseka, iwo osaseka. Ndinakumbuka amayi, kuti ankakana kuti ndipatsidwe dzina la adadi, ankati Gordon mmodzi m'nyumba wakwana. Ndinati, "Madala, ine makina amene ndimawadziwa ndi okazingira tchipisi, ndipo nawonso anandichotsapo."

"Wakula ukumva za makina amenewa patebulo tsiku lililonse. Pakamwa uli napo, ndi chinthu chokha chimene Mulungu anakupatsa. Kalowe. Akufuna mnyamata, ndawabweretsera mnyamata."

Anavula jekete la suti n'kundipatsa. Manja ake anandifupikira. Ndinalowa, Corinne. Ndinkati ndikangowanamiza pang'ono anditulutsa, tikaseke m'galimoto, basi.

Bwana wake ndi a Kessler, bambo onenepa, otopa, oti asowa munthu kwa nthawi. Anayang'ana pepala, n'kundiyang'ana ine, ndipo sanati "Oo."

"Pepala likaduka makina ali paliwiro, umatani?"

Ndinamva mawu a adadi akutuluka pakamwa panga, ndi kakhosomole kawo komwe. "Manja m'thumba, bwana. Imitsa kaye makina, utukwane pambuyo."

Anaseka mpaka mpando kulira. Anafunsa za fakitale yathu, ndinawauza nkhani ija ya chaka chimene mtsinje unalowa mpaka m'chipinda cha ma injini, imene iwe ndi ine tikhoza kuinena tili mtulo. Woti amuyimbire kufunsa za ine palibe, mu ofesi ya fakitale yathu mukukhala nkhunda. Kenako anati, "Tandionetsa manja."

Ndinawayala patebulo. Anawerenga ndi maso.

"Zaka khumi pamakina okulunga, zala zonse zilipo. Ndiwe wosamala, iwe."

"Ndimazikonda, bwana. Ndinabadwa nazo."

Anati munthu ngati ine sangamutayitse nthawi ndi maphunziro a anyamata atsopano. Andionetsa kumene kuli chimbudzi ndi kumene kuli mabatani, ndiyambe pamakina anga. Ndikuyamba mawa, Lolemba.

Nditabwerera kugalimoto ndinapeza adadi ali ndi malaya okha, akunjenjemera, injini atazimitsa kuti asunge mafuta.

"Zayenda bwanji?"

"Akulembani ntchito, a Niemi."

Anangogwedeza mutu. Tili pamlatho ndi pamene anati, "Ndiye kuti mfuti ija sinapite pachabe." 

Kuyambira tsiku limenelo ndili pasukulu, ine amene ndinalumbira kuti sindidzapondakonso. M'galaja amanga makina awoawo. Kapeti yakale ya kuchipinda kwako aikulunga papaipi, aimika matayala awiri a galimoto mogundana, pansi amatapo tepi yofiira. Pamene matayala agundanapo ndiye pakamwa pa makina. Iwo amazunguza paipi, ine ndili chiimire kuseri kwa tepi, ndiye mwadzidzidzi amasiya nsonga ya kapeti kuti igwe. Ntchito yanga ndi imodzi, osaigwira. Ndikaigwira amandimenya dzanja ndi mtengo wa tsache. Zophweka, eti? Corinne, dzanja limapita lokha. Mutu ukudziwa bwinobwino, koma chinthu chikamagwa dzanja limathamangira kukachiwakha, silipempha chilolezo. Kumbuyo kwa manja anga kwatupa, kwada ngati biringanya.

Dzulo masana anandimenyanso, n'kuti, "Lapita limenelo. Mpaka m'chigongono."

"Adadi, ndi kapeti chabe."

"Langa linalinso pepala chabe. Ndinali nditagwira zaka zisanu ndi ziwiri, ndikudziwa zonse, iwe uli pa thewera."

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinati, "Ndiye mukunditumiranji kumeneko?"

Anatsitsa mtengo uja. Kenako anautsamiritsa kukhoma bwinobwino. "Ukafuna usapite. Ndiwayimbira ndekha, ndiwauze kuti Gordon Niemi wadwala." Analowa m'nyumba. Nditawatsatira ndinawapeza pampando uja wapawindo, manja pamaondo, maso kukhoma, malo omwe aja, ngati sanachokepo.

Ndinaima pakhomo nthawi ndithu. Chiyambireni sukulu ya m'galajayi, madala akudya mpaka kupukuta mbale ndi buledi. Ameta ndevu. Amandinena kuti chitsiru mpaka ndinasiya kuwerenga. Atsuka bokosi lawo lachitsulo lonyamulira chakudya, apaka mafuta nsapato zawo zantchito, zimene ndi zazikulu moti ndizivala ndi masokosi awiri. Akamalankhula amati "tikuyamba Lolemba". Ndiye iwe ukanatani? Ine ndinati, "Madala, mwatopa kale? Mphunzitsi waulesi ngati inu sindinamuonepo." Anandiyang'ana, n'kudzuka. Tinabwerera kugalaja. Nsonga ya kapeti itagwa, dzanja linapitanso.

Usade nkhawa kwambiri. Makina a masiku ano akuti ali ndi zotchinga, ndipo ndikakhala munthu wofunika, wopukutira Amereka yense. Ukadzalowa m'chimbudzi kumeneko uzidzandikumbuka. Ndipo ukadzamva mnzako akufunsa ngati kulipira olemba CV kumathandiza, umuuze kuti mlongo wako akuti kumathandiza. Pepala limalowa pageti bwinobwino. Mwini wake ndiye amatsala m'galimoto.

Ndikupemphe zinthu ziwiri. Ukamawalembera adadi usaonetse kuti ndakuuza. Ungowayamikira kuti Junior wapeza ntchito pomaliza, uwonjezerepo kachipongwe kuti asakayikire. Chachiwiri, azakhali a Lorna asamve, pakamwa pawo ndi wailesi, ndipo ali ndi anzawo ku Wisconsin.

Pa chikondwerero cha Thanksgiving tikhala awiri. Nkhukundembo yathunthu sitingaimalize, ndagula miyendo yokha. Koma kuti usasowe yako, ndakujambulira kumbuyo kwa pepalali, mmene tinkachitira tili ana kusukulu, kuyala dzanja n'kulizunguliza ndi cholembera, chala chachikulu mutu, zinazo nthenga. Ndajambula manja onse awiri. Yalamanja yapindika chifukwa ndaijambula ndi lamanzere, usaiseke. Uwerenge bwino nthenga zake. Pepalali usataye, ndipo usakulungire chingamu monga umachitira. Akuti pa Khirisimasi amakumasulani. Ubwere nalo, tidzaike manja pamwamba pake, tione ngati zikufanana.

Adadi akupereka moni, akuti uzisintha masokosi, mapazi asamanyowe. Akundiitana kugalaja, akuti kukadali kowala.

Ndine mlongo wako, chitsiru chako chija,
Gordon Niemi, wa zala khumi